A Makolala ndi Chingerezi cha M'makutu

Kufakitale kwathu dzina limene anakupatsa makolo linkathera pageti. Ukangolembedwa ntchito, kapitawo ankakulozera mpando, ndipo chimene uzisoka pampando umenewo ndicho chinkasanduka dzina lako. Tinali ndi a Matumba, a Zipi, Manja Wamkulu ndi Manja Wamng'ono. Ine ndinali Mabatani. Kumanzere kwanga, pafupi ndi khoma, kunkakhala mayi wamfupi, wa magalasi omangidwa ndi ulusi wabuluu mbali imodzi. Amenewo ndiwo anali a Makolala.

Tinkasoka mashati a yunifolomu: a alonda, a ana asukulu, a anthu ogwira ntchito m'mahotela. Shati inkayambira kumapeto kwa holo ili zidutswazidutswa, n'kumayenda mpando ndi mpando mpaka kudzafika kwa ine itamera manja ndi khosi. Pa zonsezo, kolala ndiye yovuta. Ikangopendekeka pang'ono, shati yonse imaoneka ngati yaledzera. A Makolala anakhala pampando umenewo zaka khumi ndi zisanu, ndipo sindikumbukira tsiku limene ntchito yawo inabwezedwa. Ankasoka atapinda milomo, osacheukira kumbali, zala zikungoyenda zokha.

M'holomo munali makina oposa makumi asanu pansi pa denga la malata. Kuseri kwa khoma la a Makolala kunali chimakina chopopa mpweya chimene chinkabangula kuyambira belu la m'mawa mpaka la madzulo. Phokosolo tinalizolowera moti tinkachezerana ndi milomo ndi nsidze basi. Miseche yonse ya m'fakitale inkayenda popanda mawu. Magetsi akazima mwadzidzidzi, m'holo mukati zii, aliyense ankachita manyazi ngati wavulidwa.

Mbiri ya a Makolala ndinaimva pang'onopang'ono, pa tiyi wa masana. Anamaliza sekondale, ndipo Chingerezi cholemba ankachikhoza kuposa anzawo onse m'kalasi. Ankafuna uphunzitsi. Koma chaka chimene zotsatira zinatuluka, bambo awo, omwe anali telala wa pakhonde la sitolo, maso anayamba kuwakana. Makasitomala anali atasiya kale nsalu zawo. A Makolala anakhala pamakina a bambo awo kuti angomaliza madiresi asanu ndi awiri amene anatsala, ndipo monga ankanenera okha akuseka, "diresi lomalizalo sindinalimalizebe mpaka lero."

Anakwatiwa ndi bambo wina wofatsa amene ankathandiza anamwino kuchipatala, wonyamula odwala ndi kuwasambitsa. Anabereka mwana mmodzi, wamkazi. Pamene ine ndinkayamba kuwazolowera, amuna awowo anali atatha zaka zinayi kunja, kumene bungwe lina lotumiza anthu linawapezera ntchito yosamalira okalamba. Pangano linali lakuti bamboyo akakhazikike kaye, kenako mkazi ndi mwana atsatire, nawonso a Makolala akagwire ntchito yomweyo. Kunyumba anatsala atatu m'zipinda ziwiri: iwo, mtsikana wawo wa kusekondale, ndi apongozi awo odwala shuga, otupa miyendo.

Kuti munthu apite, ankayenera kukhoza mayeso a Chingerezi. Mayesowo anali ndi zigawo zinayi: kuwerenga, kulemba, kuyankhula ndi kumvetsera, ndipo bungwelo linkafuna malikisi asanu ndi limodzi pa chigawo chilichonse. Zitatu zoyambazo a Makolala ankadutsa bwinobwino. Chachinayicho ndiye chinali mpanda. Amakuikira mawu ojambulidwa, anthu awiri akukambirana zobwereka njinga, kapena mphunzitsi akufotokoza za dothi, iwe n'kumalemba mayankho pomwepo. Amaika kamodzi kokha. Ukaphonya, waphonya. Ulendo woyamba anapeza anayi ndi theka. Wachiwiri, asanu.

"Anthu ake amayankhula ngati ali ndi mbatata yotentha mkamwa," anandiuza tsiku limene zotsatira zachiwiri zinafika. "Papepala mawu onsewo ndimawadziwa. Koma akamatuluka mkamwa mwawo amakhala atavala zovala zina."

Patapita mlungu anabwera ndi nzeru imene anaiona pafoni, kwa mphunzitsi wina wa pa intaneti. Ankati munthu wofuna kunola makutu azichita chinthu chimodzi tsiku lililonse, osadumpha: kumvetsera chiganizo chimodzi, kuimitsa, kulemba liwu ndi liwu zimene wamva, kubwereza mpaka katatu, kenako kuyerekeza ndi mawu enieniwo olembedwa. Paliponse pamene waphonya, azungulize ndi bolopeni yofiira. A Makolala anagula makope, mahedifoni a tizingwe, ndi mabolopeni awiri. Chimene chinasowa ndi malo. Kunyumba wailesi ya apongozi sinkazimitsidwa, makoma anali opyapyala, ndipo akamafika madzulo ntchito inkakhala ikuwadikira pakhomo. M'basi munali nyimbo. Kunangotsala mphindi makumi anayi za masana.

Malo anatipatsa ndi a Makiyi, bambo wachikulire woyang'anira chipinda chosungira nsalu. Chipindacho chinalibe zenera. Munali babu limodzi ndi mipukutu ya nsalu younjikidwa mpaka kudenga, yoyera, yabuluu, yakhaki, yonunkha utoto. Nsaluzo zinkameza phokoso lonse, moti ukalowa unkamva mtima wako ukugunda. Vuto linali limodzi. Lamulo linkati nthawi ya masana chipindacho chizikhala chokhoma.

"Ndiye muzitikhomera mkati momwemo," anatero a Makolala.

"Moto ukabuka?" anafunsa a Makiyi.

"Mudzatsegula. Si inu a Makiyi?"

Bamboyo anapukusa mutu, koma anavomera. Kuyambira tsiku limenelo, belu likangolira, ife tinkalowa ndi buledi ndi fulasiki ya tiyi, loko n'kulira kunja, mpaka patatsala mphindi zisanu kuti tibwerere pamakina.

Ndikuti ife chifukwa anandikokeramo. Ankati akagwira okha pepala la mayankho, diso limaba. Choncho ntchito yanga inali yosunga pepalalo ndi bolopeni yofiira. Tinkakhala pampukutu umodzi, iwo kumanzere ine kumanja monga m'holo, n'kugawana mahedifoni: kachingwe kena m'khutu lawo la kumanja, kena m'khutu langa la kumanzere. Ankadina foni, kumvetsera atatsinzina, kuimitsa, kulemba. Kudinanso. Chiganizo chimodzi chinkadya mphindi zitatu. Akamaliza ndime ankandipatsa kope ndi manja awiri ngati mwana wasukulu, ine n'kuyamba kuzunguliza.

Milungu yoyamba tsamba linkatuluka lofiira ngati lagwidwa chikuku. Ankaliyang'ana n'kuseka, kenako n'kulemba liwu lililonse lophonyedwa kasanu kumbuyo kwa kope. Sanadumphe tsiku. Tsiku limene anakazula dzino analowabe m'chipindamo, tsaya litatupa, thonje lili mkamwa. Loweruka ndi Lamlungu ankachitira m'bafa kunyumba, atakhalira ndowa yozondotsa. Anzathu anayamba kutitcha akaidi a masana. A Zipi akationa tikutuluka ankafuula, "Lero akupatsani belo?"

Pofika mwezi wachitatu zofiira zinachepa. Mawu aatali, ovuta, amene ine sindinkawadziwa n'komwe, ankawalemba molondola. Anaphunzira mmene eni chiyankhulo amalumikizira mawu atatu kukhala limodzi, ndi mmene amamezera ena. Koma panali zolakwa zina zimene sizinkasuntha. Ka s ka kumapeto kwa mawu sankakalemba. Munthu akanena mabuku ambiri, iwo ankalemba buku limodzi. Sixty ankamumva ngati fifty. Ndinkazunguliza malo omwewo tsiku ndi tsiku.

"Asisi, ka s kajanso," ndinkatero.

"Sanakanene."

"Anakanena. Tamverani." Ndinkabweza mawuwo.

Ankamvetsera, nsidze zitakumana. "Iwe ukukamva chifukwa ukukaona papepala."

Ndinkaganiza kuti mwina akunena zoona, mpaka Lachinayi lina. Tsiku limenelo kunali kutabwera nsalu zatsopano, ndipo mpukutu wathu unali utakankhidwira pakona, moti tinakhala mosinthana, iwo kumanja ine kumanzere. Kachingwe kanalowa m'khutu lawo la kumanzere. Anadina foni. Anadikira. Anakweza mawu mpaka kumapeto, mpaka khutu langa linawawa.

"Tizingweti tafa," anatero. "Ndinadziwa ine, zotchipa."

"Asisi, mbali yanga ikumveka."

Tinasinthana. Kanga kaja katalowa m'khutu lawo lomwelo, anati akumva ngati munthu akuyankhulira m'chidebe, kuseri kwa nyumba. Kawo kaja m'khutu langa kankamveka bwinobwino. Tiyi anazizira m'makapu. A Makiyi atatsegula anatipeza tisanalembe chiganizo ndi chimodzi chomwe, ndipo anafunsa ngati kunyumba kwagwa zovuta.

Kuchipatala ndinawaperekeza. Anawalowetsa m'kachipinda konga bokosi, kuwaveka mahedifoni aakulu, n'kuwapatsa kabatani koti azidina akamva kulira. Ine ndinkawaona pagalasi. Poyamba ankadina msangamsanga. Kenako ndinaona dokotala akupotokola makina ake n'kumawayang'ana, iwo ali phee, chala chili pakabatani, akudikira kulira kumene kunali kutadutsa kale.

Dokotalayo anali mayi wachichepere, wosazungulira poyankhula. Anajambula mizere iwiri papepala, wina wotsetsereka pang'ono, wina wogwera kuphompho.

"Mayi, mbalame mumazimva m'mawa?"

A Makolala anaganiza kaye. "Kwathu mbalame zinatha. Anadula mitengo."

Ine ndinayang'ana pansi. Ndinali nditafikako kwawo, ndipo pawaya wa magetsi wa kutsogolo kwa nyumba yawo mpheta zinkachita msonkhano tsiku lonse.

Dokotala anafotokoza kuti phokoso la zaka zambiri limayamba kupha mawu oonda, onga kulira kwa mbalame ndi tizilembo tonong'ona ngati s ndi f. Khutu la kumanzere linali litapita kwambiri, la kumanja linali m'njira. Zimene zafa sizidzuka. Zotsalazo zikhoza kupulumuka munthu atachoka paphokosopo.

"Ndiye kuti miyezi yonseyi ndakhala ndikusakasaka chinthu chimene kulibe?"

"Chilipo, koma kwa inu sichifika," anatero dokotala. "Zina mukhoza kuphunzira kuzilota poona mawu oyandikana nawo. Koma chachikulu, chokani paphokoso." Analemba kalata n'kudinda chidindo.

Kalatayo a Makolala anapita nayo kwa kapitawo Lolemba m'mawa. Pempho lawo linali laling'ono: awasamutsire kuchipinda chopindira ndi kulongedza mashati, kumene kulibe makina. Kapitawo wathu sanali munthu woipa. Anaiwerenga kawiri atatsamira tebulo lodulira nsalu, n'kukanda m'mutu.

"Amayi, ndikakuchotsani pakolala ndiikapo ndani? Oda ya alonda ija mwaiona nokha. Manja Wamng'ono ndinamuyesa chaka chatha, theka la mashati linabwerera."

"Ndimuphunzitsa."

"Zitenga miyezi." Anatsitsa mawu, moti a Makolala anachita kumuwerenga milomo. "Komanso ndikuuzeni ngati mlongo wanga. Kalata iyi ikakwera ku ofesi, sakaiwerenga mmene mukuiwerengera inu. Akaona munthu amene thupi lake lasemphana ndi ntchito. Anthu otere amawathokoza n'kuwaperekeza pageti. Ndipite nayo?"

A Makolala anatambasula dzanja, kutenga kalata yawo, kuipinda kanayi. Masana ake kapitawo anawabweretsera timasiponji tiwiri totsekera m'makutu, n'kutisiya pamakina mwakachetechete ngati munthu wodzapepesa maliro.

Kalata yomweyo ikanawathandiza kumayeso. Tinamva kuti munthu wovutika kumva akapereka umboni, amamuika m'chipinda chayekha n'kumukwezera mawu. Koma a Makolala ankaopa kuti zikalembedwa penapake bungwe lija lidzadziwa, ndipo ndani angatumize munthu wosamva kukasamalira nkhalamba zoyankhula monong'ona? Kaya manthawo anali oona kaya ayi, sitinapeze woti timufunse popanda kudziulula. Kalatayo inangokhala m'chikwama. Ku ofesi sinafike, kumayeso sinafike, ndipo kwa amuna awo sanaitchule.

Anasintha kachitidwe. Popeza ka s sakanakamva, anayamba kukasaka ndi nzeru. Akamva liwu losonyeza zinthu zambiri kutsogolo, ankadziwa kuti kumapeto kuli ka s, kaya kamveka kaya ayi. Manambala ankawalota poona nkhani imene ikukambidwa. Zinali ngati kusoka kolala mumdima, poyeza ndi zala. Zinkatheka, koma zinkafuna nthawi, ndipo mawu a pamayeso sadikira munthu.

Lamlungu lina masana ndinapita kwawo kuti tikayeserere mayeso athunthu. Nyumba yawo inali kumapeto kwa mdadada wa nyumba zalendi, khomo loyang'ana pampopi. Pabalaza panali sofa, makina akale a bambo awo ophimbidwa ndi nsalu, ndi bedi la apongozi kuseri kwa katani. Pamwamba pa kabati panali masutikesi awiri atsopano, akadali m'mapulasitiki ake. Apongoziwo anakhala pasofa, miyendo m'beseni la madzi ofunda, wailesi pachifuwa.

"Amayi, tizimitseko wailesi kwa ola limodzi," anapempha a Makolala.

Wailesi anazimitsa, koma pakamwa sanazimitse. Tili pakati pa gawo lachiwiri, anayamba.

"Inu anzake, tandiuzeni. Mwana wanga ali uko akusambitsa amayi a eni ake. Ine mayi wake ndili kuno ndikusambitsidwa ndi mwana wa eni ake. Ndiye mukufuna uyunso apite. Jakisoni wanga wa m'mawa azindibaya ndani? Khoma?"

"Amayi, tinakambirana kale. Alamu adzakutengani," anatero a Makolala. Ankanena mlongo wa amuna awo, wokhala tauni ina.

"Uyo? Amene amathawa ndi magazi a nkhuku omwe?" Anatembenukira kwa ine. "Ine sindipempherera kuti alephere, ayi, Mulungu akundiona. Koma sindinganame kuti ndimapempherera kuti akhoze."

A Makolala anaimitsa foni, kugwada, kutulutsa miyendo ya apongozi awo m'madzi, kuipukuta chala ndi chala, kuyang'ana ngati pali chilonda, kuipaka mafuta. Atamaliza anasamba m'manja n'kubwerera pampando.

"Tiyambirenso gawo lachiwiri," anatero.

Pondiperekeza anandiuza kuti mawu a apongoziwo sawapweteka. "Amanena zoona. Chimene chimandipweteka n'choti akamayankhula ali kumanzere kwanga ndimangovomera, osadziwa chimene ndavomera."

Mayeso achitatu analemba patatha miyezi isanu ndi iwiri chiyambire kudzikhomera kwathu, makope asanu atadzaza. Holo yake inali yaikulu, masipika awiri kutsogolo. Nambala yawo inawagwetsera mpando wa kumbuyo, pansi pa fani yolira. Anakweza dzanja kupempha kusintha, woyang'anira anati mipando imatsata manambala. Zotsatira zinabwera pafoni tili pamakina. Anandigwira pamkono n'kundionetsa: asanu ndi theka.

Sanalire. Anabweza foni m'thumba la epuloni n'kutenga kolala ina. Madzulo ake amuna awo anaimba, ndipo m'mawa mwake anandiuza zimene ananena: osadandaula, palibe chothamangira, adzayesanso. "Munthu uja ndi woleza mtima," anatero. "Mwina akanandikalipira ndikanapeza polirira."

Tinabwerera m'chipinda cha nsalu, ndipo ndi mmenemo mmene tsiku lina anandilanda bolopeni yofiira.

"Iwe, wazindikira kuti masiku ano ukuzunguliza usanayang'ane papepala?"

Sindinali nditazindikira.

"Ukalembe mayesowa."

"Asisi, ine ndinabwera kudzakuthandizani."

"Ndiye wathandizika ndiwe. Ulibe mwamuna, ulibe mwana, makutu ukadali nawo. Ukufuna udzachoke pano uli ngati ine, ukunamizira mitengo?"

Ndinakana mwezi wathunthu. Iwo sanandimvere, anangoyamba kundiphunzitsa kulemba, chigawo chimene anali katswiri. Theka la masana awo linapita kwa ine. Ndinalemba, ndipo ndinakhoza ulendo woyamba. Uthengawo ndinausunga masiku atatu, ndikusoka mabatani pambali pawo ngati wakuba. Nditawauza, anaimirira pakati pa holo n'kukuwa, mpaka kapitawo anathamanga poganiza kuti wina wadzisoka chala. Pambuyo pake anakhala pansi, kuvula magalasi, n'kumawapukuta nthawi yaitali.

Ndinanyamuka patatha miyezi isanu ndi itatu, kudzera bungwe lomwelo. A Makolala anandipatsa kaphukusi ka amuna awo: mashati awiri ndi lipoti la kusukulu la mtsikana wawo. "Ukaione nyumbayo," anatero. "Udzandiuze ngati pali poyanika zovala."

Tauni ya amuna awo, amene ndinkawatcha alamu, inali ulendo wa maola awiri pasitima kuchokera kumene ananditumiza. Ndinapita tsiku langa loyamba lopuma. Anandichingamira pasiteshoni, ndipo ndikanawapitirira. Anali ataonda, akuyenda mopendekeka, lamba womanga msana akuonekera mkati mwa juzi. Ankafuna tingokhala m'kantini ya pasiteshoni pomwepo. Ine ndinaumirira kuti ndatumidwa kudzaona nyumba.

Inali pamwamba pa shopu yokonza mafoni. Chipinda chimodzi, mabedi anayi osanjikizana awiriawiri, amuna asanu ndi mmodzi ogona mosinthana malinga ndi nthawi ya ntchito. Wina anali mtulo masanasana, atafunda mpaka kumutu. Katundu yense wa alamu anali musutikesi pansi pa bedi. M'firiji imene inali pakhomo anali ndi shelefu imodzi, yolembedwa nambala.

Tinakhala pamasitepe. Anatsegula lipoti la mwana, kuliwerenga mpaka pansi, n'kuyambiranso pamwamba.

"Alamu, mwadzionera nokha," anatero. "Chikalata changa cha ntchito chimandimanga kwa bwana mmodzi. Ndikamusiya, ndiye kuti ndabwerera kwathu. Maola amandipatsa mmene wafunira. Kuti ndiitane banja ndiyenera kuonetsa nyumba yangayanga. Zaka zisanu ndikuyesa. Ngakhale atakhoza mawa, ndidzawaika pati?"

"Nanga bwanji osawauza?"

"Ndinkati ndikonza asanakhoze." Anapukuta kumaso. "Akalephera ndimamva chisoni, kenako mtima umakhala pansi. Ndiye ndimadzida chifukwa cha mtima wokhala pansiwo. Chonde alamu, musawauze."

Chinsinsicho ndinachisunga milungu iwiri. Uthenga wa a Makolala unkabwera tsiku lililonse, wolemba, chifukwa zoimba anali atasiya: nyumba ndi yotani, khitchini ilipo, sukulu ili patali? Ine ndinkayankha za kuzizira. Potsiriza ndinakhala pansi n'kulemba zonse, mabedi, shelefu, lamba wa msana, osasiyako kanthu. Foni inaonetsa kuti awerenga. Tsiku linapita, lachiwiri linapita. Lachitatu yankho linafika.

"Mabatani, makutu ndiwo anafa, maso ndili nawo. Zaka zisanu munthu akuimba pavidiyo ali pamasitepe, ali m'basi, ali panja pa shopu mphepo ikumuomba, osalowa m'nyumba ngakhale kamodzi. Ukuganiza sindinkaona? Ndinkangofuna wina akaone ndi maso ake kuti ndisiye kudziyesa wamisala."

Ndinafunsa ngati ndiye kuti mayeso awasiya.

"Ndalembetsa kale achinayi. Mwana amandifunsa tsiku lililonse kuti tipita liti. Ndikamuuza kuti amayi ako sanakhoze, amakwiyira ine, n'kupita kusukulu. Ndikamuuza zinazo, akwiyira ndani, nanga azidikira chiyani? Bola azikwiyira ine, ndili pafupi."

Patapita mphindi zingapo unabwera uthenga wina.

"Usawauze kuti wandiuza. Munthu wonyamula nkhalamba tsiku lonse asanyamulenso manyazi. Koma msana umenewo apite nawo kuchipatala. Unene ngati maganizo ako."

Ndinawaimbira alamu Lamlungu lotsatira n'kunena ngati maganizo anga. Anati apita akapeza tsiku lopuma. Papita miyezi itatu, tsikulo sanalipezebe.